Nyimbo ya Chikorea yandiliza koma chilankhulocho sindichimva: zimatheka bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wosoka zovala ku Zomba. Iwo alemba kuti: "Mng'ono wanga anandiikira sewero la ku Korea lotchedwa Goblin mu foni. Ndinalimaliza miyezi inayi yapitayo, koma nyimbo ina ya m'menemo, yoyimba mzimayi wa mawu amphamvu, ikungondiyendabe m'mutu ndikakhala pa makina. Ndikaimva misozi imatsika yokha pomwe Chikorea sindimva ngakhale liwu limodzi. Kodi anthu amenewa amaikamo chiyani m'nyimbo zawo? Nanga ndi ziti zina zimene ndingazifunefune?"

Mayi, zikomo pondifunsa. Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa nyimbo ndi kukonza makwaya, ndipo masewero amenewa ndakhala ndikuwaonera kwa zaka zambiri, khutu lili tcheru kuposa diso. Funso lanu landifika pamtima chifukwa nanenso nyimbo imeneyi inandigwirapo.

Ndikukhulupirira kuti mukunena nyimbo ya Ailee, imene pa Chingerezi amailemba kuti "I Will Go to You Like the First Snow". Sewero la Goblin linaonetsedwa pa kanema wa tvN kuyambira Disembala 2016 mpaka Januwale 2017, ndipo nyimboyi inatuluka m'Januwale momwemo, sewero likuyandikira kumapeto. Chaka cha 2017 chitatha, pa ndandanda wa Gaon, umene unkawerengera nyimbo zomvedwa ndi kugulidwa pa intaneti ku South Korea, nyimbo ya Ailee ndiyo inakhala pamwamba pa zonse, kuposa ngakhale za magulu otchuka a achinyamata. Choncho misozi yanu ili ndi anzake ambiri. Ailee anakulira ku New Jersey ku America, ndipo mawu ake ali ndi mphamvu yoti akanafuna akanayamba ndi kukuwa. Koma tamverani mmene akuyambira. Piyano yokha, pang'onopang'ono, iye akuyimba chapansipansi ngati munthu wolankhula yekha m'chipinda usiku, mpaka mpweya wake ukumveka pakati pa mawu. Zoyimbira za nsambo zimabwera pambuyo, kenaka ng'oma, ndipo akamafika pa kolasi yomaliza ndi pamene amatsegula pakhosi ponse. Munthu womvera amakhala wakwezedwa phiri osazindikira kuti akukwera.

Komabe zimenezo pazokha sizikanakulizani. Pali nyimbo zambiri zomangidwa chimodzimodzi zimene mumazimva m'minibasi n'kuziiwala musanatsike. Chimene chinachitika kwa inu ndi chakuti sewerolo linakuphunzitsani nyimboyi kwa maola ambiri musanadziwe kuti mukuphunzira. Goblin ili ndi magawo 16, lililonse loposa ola. M'maola onsewo munakhala limodzi ndi Kim Shin, msilikali wakale amene wakhala zaka 939 ali ndi lupanga pachifuwa, ndi Eun-tak, mtsikana yekhayo amene angalizule, ngakhale kuti kulizula ndiko kumupha munthu amene wamukonda. Munawaona pa gombe paja mtsikana atakoleka kansalu kofiira m'khosi, munawaona m'misewu ya ku Quebec masamba akugwa. Ndiye nyimbo ya Ailee inadzaikidwa pamalo pamene zonsezi zimasweka. Kuyambira tsiku limenelo ubongo wanu unamanga nyimbo ndi chisonicho pa mtolo umodzi. Mukamva piyano ija lero, chimene chimabwera ndi nkhope za anthu awiri aja.

Zimenezi timazidziwa kale ife eni. Ndinali ndi mayi wina m'kwaya yanga, wa mawu a alto okhazikika bwino, amene ankayimba chilichonse osagwedezeka. Tsiku lina pokonzekera ndinatchula nambala ya nyimbo ina ya m'buku, yodziwika kwa aliyense. Titafika pa vesi yachiwiri ndinaona kuti mbali ya alto yachepa mawu. Nditatembenuka ndinapeza mayi uja wagwira buku ndi manja awiri, milomo ikunjenjemera, akuyang'ana pansi. Inali nyimbo imene anthu ankayimba pamene bokosi la mwana wake linkatsitsidwa m'manda zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Kwa enafe inali nyimbo wamba ya Lamulungu. Opanga masewero a ku Korea anaimvetsa mphamvu imeneyi ndipo amaigwiritsa ntchito mwadala, mwaluso.

Munthu amene amayang'anira zimenezi m'sewero ndi mkulu wa nyimbo. Wa Goblin anali mayi wotchedwa Nam Hye-seung. Ntchito ya munthu wotere ndi kusankha kuti nyimbo iti ikhale ya anthu ati, ilowe pa mphindi iti, ndiponso ndi pati pamene payenera kukhala chete. Kawirikawiri nyimbo imodzi amaikonza m'maonekedwe angapo. Poyamba mumaimva pa piyano kapena pa gitala yokha, yopanda mawu, pansi pa anthu akukambirana, moti simuiganizira n'komwe. Imabweranso anthu omwewo akakumana, imabweranso akasiyana. Podzafika tsiku limene woyimba akuitsegulira pakamwa, khutu lanu limakhala likuidziwa kale, ndipo mumamva ngati mwakumana ndi munthu amene munkangomumvera mapazi kuseri kwa nyumba.

Palinso chifukwa china cha malonda. Masewero ambiri a ku Korea amaonetsedwa magawo awiri pa sabata, ndipo nyimbo zake sizituluka pamodzi ngati chimbale. Amazitulutsa imodziimodzi sewero lili m'kati, n'kumazilemba kuti OST Part 1, OST Part 2, kumapitirira choncho (OST kutanthauza nyimbo za m'sewero). Munthu akaonera gawo usiku n'kumva nyimbo yatsopano, amaipeza pa Melon, malo omvera nyimbo pa intaneti a ku Korea, kapena pa YouTube nthawi yomweyo, n'kumaimvera m'sitima popita kuntchito kwa sabata yonse akudikira gawo lotsatira. Nyimbo imaitanira anthu ku sewero, sewero limagulitsa nyimbo. N'chifukwa chake opanga amalemba ntchito oyimba akuluakulu. Mu Goblin momwemo muli Chanyeol wa gulu la EXO akuyimba "Stay With Me" limodzi ndi Punch, muli Crush ndi nyimbo yake "Beautiful". Pali oyimba amene mbiri yawo yakula kwambiri chifukwa cha ntchito imeneyi: Baek Ji-young, Gummy, Lyn, ndi Taeyeon wa Girls' Generation amene anayamba kudziwika payekha ndi nyimbo ya "If" ya m'sewero la Hong Gil-dong mu 2008. Lyn analandira mphoto ya Baeksang, ya mafilimu ndi masewero a ku Korea, mu 2014 chifukwa cha "My Destiny" ya m'sewero la My Love from the Star. Ndipo mu Januwale 2022 nyimbo ya V wa BTS, "Christmas Tree", ya m'sewero la Our Beloved Summer, inalowa pa ndandanda wa Billboard Hot 100 wa ku America pa nambala 79.

Tsopano za chilankhulo, chimene chikukudabwitsani kwambiri. Ndikuuzeni nkhani ya 1995. Chaka chimenecho kanema wa SBS anaonetsa sewero lotchedwa Sandglass, lokhudza zaka zowawa za ulamuliro wa asilikali, kuphatikizapo kuphedwa kwa anthu mumzinda wa Gwangju mu 1980. Linatchuka moti anthu ankathamangira kunyumba madzulo, ndipo ena analipatsa dzina loti wotchi yobwezera anthu kwawo. Nyimbo imene anthu amaikumbukira mpaka lero ya m'sewero limenelo ndi ya Chirasha, "Zhuravli", yoyimba Iosif Kobzon, yonena za asilikali amene anafera kunkhondo n'kusanduka mbalame zoyera zouluka m'mwamba. Anthu ambiri a ku Korea amene ankalira nayo sankamva Chirasha. Ankamva mawu okhuthala a bambo akuyimba modekha ngati wonyamula katundu wolemera, ndipo ankadziwa chimene chikuchitika pa kanemapo. Inu ndi Ailee muli ngati iwo ndi Kobzon. Pakhosi pa munthu pamanena zambiri mawu asanamasuliridwe: pamene akupuma, pamene liwu likufuna kusweka, pamene akulikoka mpaka kutha mpweya. Mwana wakhanda amatonthola ndi nyimbo ya amayi ake asanadziwe liwu lililonse.

Izi sizikutanthauza kuti mawuwo alibe ntchito. Mukadzapeza kumasulira kwake mudzaona kuti nyimbo zimenezi nthawi zambiri zimanena chimene munthu wa m'sewero akulephera kunena ndi pakamwa pake. Anthu a m'masewero amenewa amabisa kwambiri za mumtima, chifukwa cha ulemu, manyazi, kapena kuopa makolo. Awiri amatha kuyang'anana kwa mphindi yathunthu popanda wolankhula, ndipo nyimbo ndiyo imawalankhulira. Ya Ailee imayimbidwa ngati kuti ndi Kim Shin akulonjeza kuti adzabweranso monga chipale chofewa choyamba cha chaka, lonjezo limene iye amaperekadi kwa Eun-tak posiyana. Ku Korea pali chikhulupiriro cha achinyamata chakuti ukakhala ndi wokondedwa wako tsiku limene chipale choyamba chagwa, chikondi chanu chidzakhalitsa. Kwa ife amene chipale sitichidziwa, ganizirani mmene mtima umachitira ndi fungo la mvula yoyamba pa dothi louma la Novembala.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuphunzitsira ndi cha Secret Garden ya 2010, momwe Hyun Bin ndi Ha Ji-won amasinthana matupi. Baek Ji-young anayimba nyimbo yotchedwa "That Woman". Patapita masabata, Hyun Bin mwini wake anayimba nyimbo yomweyo, kamvekedwe komweko, atangosintha mkazi kukhala mwamuna, n'kuitcha "That Man". Iye si woyimba wa msinkhu wa Baek Ji-young, mawu ake ndi osasalala, koma kusasalala kumeneko ndi kumene kumagwira. Umamva munthu wodzikuza amene iye amasewera m'sewerolo akuvomera kuti nayenso wagonja.

Nyimbo imakhala yamphamvu koposa ikakhala kuti anthu a m'sewero nawonso akuimva. Mu Crash Landing on You, ya 2019 mpaka 2020, muli kanyimbo ka piyano kamene Ri Jeong-hyeok, msilikali wa ku North Korea amene poyamba ankaphunzira piyano ku Switzerland, anapekera mkulu wake amene anamwalira. Amakaliza komaliza pa kadoko ka matabwa m'mbali mwa nyanja ya Brienz, katundu wake atamangidwa kale kuti abwerere kwawo. Pa nyanjapo pakudutsa boti, ndipo m'botimo muli Yoon Se-ri, mayi wa ku South Korea amene panthawiyo moyo unali utamukwana. Akumva piyano, osaona bwino woyimbayo, ndipo akusankha kukhalabe ndi moyo. Kwa zaka zambiri akufunafuna nyimboyo osaipeza paliponse, chifukwa sinajambulidwepo. Tsiku limene awiriwa adzazindikire kuti anakumana kale kudzera m'nyimbo imeneyi, wolemba safunikanso kuwonjezera mawu ambiri. Kamudzi kamene kali ndi doko limeneli ndi Iseltwald, ka anthu pafupifupi 400, ndipo alendo ochokera ku Asia anachuluka moti mu 2023 eni mudzi anaika chipata cholipiritsa mafaranki 5 kuti munthu aponde pa matabwapo.

Zakale musazidumphe. Winter Sonata ya 2002, ya Bae Yong-joon ndi Choi Ji-woo, ili ndi nyimbo za Ryu, "From the Beginning Until Now" ndi "My Memory", zimene zinayenda limodzi ndi sewerolo pamene linatenga mitima ya azimayi a ku Japan kudzera pa kanema wa NHK m'zaka za 2003 ndi 2004. "I Miss You" ya Kim Bum-soo inali itatuluka kale mu 2002, koma inadzamera mapiko itaikidwa mu Stairway to Heaven chaka chotsatira. "Snow Flower" ya Park Hyo-shin, ya m'sewero la I'm Sorry, I Love You la 2004, poyamba inali nyimbo ya Chijapani ya Mika Nakashima. Ndipo pali "Onara" ya mu Jewel in the Palace, sewero la magawo 54 la kanema wa MBC lonena za Jang-geum, wophika wa kunyumba ya mfumu amene anadzakhala sing'anga wa mfumuyo. Imeneyi ndi yosiyana ndi zonse zimene ndatchula: amayimba ndi ana, mwa kayimbidwe ka makolo a ku Korea, ndipo ndi yosavuta moti mukaimva kawiri mumayamba kuitsatira ndi muluzu.

Pali chinthu chimodzi chimene ife akutali timachiphonya, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa chimakhudza sewero limene ndimalikonda koposa pa nkhani ya nyimbo. Reply 1988 inaonetsedwa pa tvN mu 2015 ndi 2016. Ndi nkhani ya mabanja asanu okhala m'kanjira kamodzi ku Ssangmun-dong mumzinda wa Seoul. M'gawo loyamba muli malo pamene nthawi ya chakudya chamadzulo ana akutumidwa ndi mbale kuchoka nyumba iyi kupita nyumba iyo, uyu wapereka mpunga wabwerako ndi ndiwo, uyo wapereka ndiwo wabwerako ndi zipatso, mpaka ana onse akumana pakati pa njira aliyense mbale ili m'manja. Aliyense amene anakulira m'malaini kapena kumudzi azindikira zimenezi msanga. Nyimbo zake zikuluzikulu si zatsopano. "A Little Girl" imene amayimba Oh Hyuk inali ya Lee Moon-sae ya 1985. "Hyehwa-dong" ya Park Boram inali ya gulu la Zoo ya 1988. "Don't Worry" ya Lee Juck inali ya Jeon In-kwon. Kwa kholo la ku Korea limene linali kusekondale m'zaka zimenezo, zambiri mwa nyimbozi zinkabwera zitanyamula kale ubwana wake, sewero n'kudzangowonjezera katundu pamwamba. Ife timalandira theka lokha. Komabe theka limenelo ndi lalikulu. Mverani "Youth", imene gulu la Sanulrim linatulutsa mu 1981. Mu sewero ili amaiyamba mnyamata, Kim Feel, ndi mawu okalakala pang'ono. Kenaka pakati pa nyimbo pamalowa mawu a munthu wachikulire, opyapyala, osadzikongoletsa. Ameneyo ndi Kim Chang-wan, mwini nyimbo, amene anaiyimba ali mnyamata zaka zoposa 30 m'mbuyomo, ndipo tsopano akuyimba za unyamata umene wadutsa iye ataudutsadi. Tsiku loyamba kuimva ndinaimitsa foni n'kukhala kaye pakhonde kanthawi. Ndinakumbukira bambo anga akuyimba nyimbo za kusukulu kwawo akukonza njinga.

Sindikufuna muganize kuti zonse ndi zabwino. Njira yotulutsa nyimbo sabata ndi sabata imachititsa kuti masewero ena akhale ndi nyimbo khumi kapena kuposa zofanana ngati mazira, zonse piyano poyamba, kukuwa pothera, ndi mawu awiri atatu a Chingerezi pa kolasi kuti akunja agwirepo. Enanso amaibwereza nyimbo mpaka kuiononga. Mu Boys Over Flowers ya 2009, "Paradise" ya T-Max imalira pafupipafupi kwambiri moti imasiya kutanthauza kanthu, ngakhale kuti m'sewero lomwelo muli "Because I'm Stupid" ya SS501 imene inaikidwa pamalo oyenera ndipo anthu amaikondabe. Descendants of the Sun ya 2016 ili ndi nyimbo zokoma, "You Are My Everything" ya Gummy, "Always" ya Yoon Mi-rae, koma m'kuona kwanga zimabwera msanga, mtima wa woonera usanakonzeke, ngati munthu wothira mchere ndiwo zisanapse. Kumbali ina kuli Jung Jae-il, amene mu Squid Game ya 2021 anatenga kachitoliro kamene ana a sukulu amaphunzirira nyimbo n'kukasandutsa chinthu chochititsa nthumanzi. Palibe woyimba wotchuka pamenepo, koma aliyense amene anaonera amakakumbukira.

Pa zimene mungachite, malangizo anga oyamba ndi akuti musamasonkhanitse nyimbo za sewero musanalionere. Ndikudziwa kuti anyamata oika zinthu m'mafoni amatha kukudzazirani memore khadi ndi nyimbo zana za Chikorea pa mtengo wochepa, koma mukazimva choncho zambiri zidzakumvekerani zofanana. Onerani sewero kaye, nyimbo ikupezeni pamalo pake, kenaka muifunefune polemba dzina la sewero ndi zilembo za OST. Chachiwiri, ngati mungathe, pezani sewero lokhala ndi mawu olembedwa m'munsi. Omasulira mafilimu m'Chichewa amathandiza anthu ambiri kutsatira nkhani, ndipo ena ndi aluso, koma kuti mawu awo amveke amatsitsa phokoso la filimu, ndipo nthawi zambiri amalankhula pamalo pamene wopanga anasiya dala kuti nyimbo igwire ntchito. Chachitatu, kumasulira kwa mawu a nyimbo muzikufuna pambuyo, mutaimva kale kangapo ndi khutu lokha.

Mwandifunsa kuti mupite kuti kuchoka pa Goblin. Ndikanakhala inu ndikanatenga My Mister, ya 2018, ya magawo 16, momwe muli IU ndi malemu Lee Sun-kyun. Si nkhani ya chibwenzi. Lee Ji-an ndi mtsikana womira m'ngongole amene akusamalira agogo ake osamva, ndipo Park Dong-hoon ndi injiniya woyeza kulimba kwa nyumba, bambo wa zaka za m'ma 40 amene banja ndi ntchito zikumulemera koma sauza munthu. Mtsikanayo amaika kachipangizo kobera mawu m'foni ya bamboyo pofuna kumugwetsa kuntchito kuti alandire ndalama. Ndiye usiku uliwonse amakhala ndi zomvera m'makutu, kumamva mapazi a munthu wotopa akuyenda kupita kwawo, kupuma kwake, kuusa moyo kwake, mpaka kuyamba kumumvera chisoni munthu amene ankafuna kumupweteka. Nyimbo ya mtsikanayu ndi "Grown Ups" ya Sondia. Ndi yosiyana ndi ya Ailee: sikwera phiri, mawu ake ndi opepuka ngati a munthu amene watopa mpaka kulira sakuthanso. Muionere usiku ana atagona, makina mutaphimba, ndipo muvale zomvera m'makutu ngati mmene Ji-an amavalira, chifukwa pa sipika ya foni mapazi aja ndi mpweya wa Sondia sizimveka.